Maluwa pakhomo chaka chonse: mmene mungayendere limodzi ndi nyengo

Seputembala akamapita kumapeto, misewu ina ya ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Lilongwe imavala mtundu wa pepo. Mitengo ya jacaranda imakhala itayoyola masamba, n'kungotsala maluwa okhaokha, ena pamwamba, ena atayalika pansi ngati mkeka. Ndi nthawi imeneyi pamene ambirife timakumbukira kuti pakhomo pathu pali fumbi lokhalokha. Timathamangira kwa ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu, n'kubwera ndi machubu asanu kapena khumi, n'kubzala padzuwa la Okutobala. Pakatha masabata awiri zonse zafota, ndipo timayamba kunena kuti dzanja lathu si la maluwa.

Ine ndinachitapo zimenezi chaka choyamba nditalowa m'nyumba yomwe ndikukhalamo pano, ndipo zinandiwawa chifukwa ndalamayo ndinachita kuisunga. Vuto silinali dzanja. Vuto linali lakuti duwa limene mukufuna kuliona mu Okutobala ntchito yake imayamba mu Meyi. Mlimi wa chimanga amadziwa bwino kuti sosa ali ndi nthawi yake, kubzala kuli ndi nthawi yake, kupalira ndi kubandira chimodzimodzi. Maluwa nawo ndi ulimi, ndipo amamvera kalendala yomweyo ya dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe. Zomwe ndalemba panozi ndi ndondomeko imene ndimatsata.

Choyamba: lidziweni bwalo lanu musanagule kanthu

Tengani masiku awiri kapena atatu mukungoyang'ana. Dzuwa limayamba kugunda pati m'mawa? Masana limawomba kwambiri khoma liti? Ndi pati pamene pamakhala mthunzi tsiku lonse? Maluwa ambiri owala, monga bougainvillea, rozi, zinnia ndi marigold, amafuna dzuwa la maola osachepera asanu ndi limodzi patsiku. Mukawaika pansi pa mtengo wa mango amangotalika, masamba mbuu, duwa osaoneka. Pamthunzi pamayenera zomera za masamba okongola, monga fern ndi coleus.

Kumbukiraninso kuti kuno kwathu m'miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto. Choncho khoma loyang'ana kumpoto limafunda mu Juni ndi Julayi, pamene loyang'ana kummwera limakhala pamthunzi nthawi yaitali. Khoma loyang'ana kumadzulo ndilo limaotcha kwambiri m'chilimwe.

Kenako funsani za madzi a mvula. Akagwa kuchokera padenga amalowera kuti? Pamene amadikha musabzalepo rozi kapena geranium, mizu idzaola. Pamenepo ndi pa canna, amene amakonda chinyontho.

Ngati nyumbayo ndi ya lendi, musataye mtima. Bzalani m'miphika, m'zigubu zodula pakati, m'ndowa zobooka, ngakhale m'matayala akale. Tsiku losamuka dimba lanu lidzakwera nawo galimoto. Chachikulu n'chakuti chilichonse chobzalamo chikhale ndi zibowo pansi.

Chachiwiri: dyetsani nthaka, ndipo yambani m'masika

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mabwalo ambiri a m'tauni nthaka yake ndi yotopa. Pomanga nyumba dothi labwino lapamwamba linakokoloka kapena kukwiririka, n'kutsala katondo wouma gwa wosakanikirana ndi zidutswa za njerwa ndi simenti. Kwina ndi mchenga umene sugwira madzi, kwina ndi makande amene amamata m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe. Mankhwala a nthaka zonsezi ndi amodzi: manyowa owolerana bwino.

Nthawi yabwino yoyamba ndi Epulo ndi Meyi, anthu akamakolola, chifukwa zipangizo zimapezeka paliponse: mapesi, masangwi a mtedza ndi a nyemba, makoko, udzu womweta, masamba. Kumbani dzenje kuseri kwa nyumba, pamthunzi, lotalika mita imodzi mbali zonse, kuya kwake kufika m'bondo kapena kupitirira pang'ono. Pansi yalani mapesi odulidwadulidwa. Pamwamba pake ikani zobiriwira, monga udzu wauwisi, makoko a nthochi ndi a mbatata, masamba otsala a kukhitchini. Kenako ndowe za ng'ombe, za mbuzi kapena zitosi za nkhuku, kuwaza phulusa pang'ono ndi dothi pang'ono, n'kuthira madzi. Bwerezani mpaka dzenje lidzaze, ndipo mufunditse ndi udzu. Zomikani ndodo pakati. Pakatha sabata izuleni ndi kuigwira: ikafunda, ndiye kuti zinthu zikuyenda, ikazizira ndi kuuma, onjezani madzi, ikanunkha ndi kuterera, madzi achuluka, tembenuzani ndi kuonjeza zouma. Muzitembenuza pakatha masabata atatu alionse. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mudzapeza manyowa akuda, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la m'nkhalango mvula itangogwa.

Masamba a deliya, chitsamba cha maluwa achikasu chija chimene chimamera chokha m'mbali mwa misewu ndi mitsinje, amaola msanga ndipo amalemeretsa manyowa. Mukamadutsa pamene pali deliya, thyolani mtolo wa masamba, koma njere zake musabwere nazo, chifukwa akamera pabwalo savuta kulanda malo.

Chenjezo limodzi: zitosi za nkhuku zaziwisi zimaotcha mizu. Musazithire pa duwa zisanaole. Ndaona rozi wokula bwino akupserera m'masiku atatu chifukwa cha chifundo cha mwini wake amene anafuna kumudyetsa msanga.

Pokonza bedi, tipulani mozama, khasu lilowe kawiri, chotsani miyala ndi mizu ya udzu, n'kusakaniza ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa pa mita iliyonse. Za m'miphika sakanizani magawo awiri a dothi labwino, gawo limodzi la manyowa ndi gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje. Pobzala chitsamba kapena mtengo, kumbani dzenje la masentimita 60 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba liikeni pambali, mulisakanize ndi manyowa, ndipo libwerere pansi pa dzenje pomwe mizu ikalipeze.

Chachitatu: werengerani madzi amene muli nawo

Musabzale dimba loposa madzi anu. Mvula kuno imagwa kuyambira cha mu Novembala kapena Disembala mpaka Malichi kapena Epulo, ndipo miyezi yotsalayo duwa limadalira inu. Amene amatunga kumjigo kapena amene mpopi wake umauma masiku ena aziyamba ndi kabedi kamodzi pafupi ndi khomo ndi miphika isanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Thirirani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo muzithira patsinde. Kuthira madzi ambiri kawiri kapena katatu pasabata kumaposa kuwaza pang'ono tsiku lililonse, chifukwa madzi akalowa pansi mizu imawatsatira, ndipo chomera chimalimba. Pisani chala m'dothi: ngati pansi pali chinyezi, dikirani mawa.

Phimbirani nthaka ndi udzu wouma, masamba kapena makoko a mtedza, kuchindikala kwake ngati zala zinayi. Zimenezi zokha zimachepetsa kwambiri madzi ofunika. Siyani mpata ngati chikhatho pakati pa zophimbirazo ndi tsinde, kuopa chiswe ndi kuola.

Madzi otsukira mpunga, ndiwo zamasamba ndi otsukuluzira zovala ndi abwino pa zitsamba zazikulu. Okhala ndi mafuta ambiri, amchere kapena othira jiki ayi. Njira ina imene ndimaikonda ndi ya mtsuko: kwirirani mphika wadothi wosapaka utoto pakati pa bedi, kukamwa kokha kuonekere, mudzazemo madzi n'kuvundikira. Madzi amatuluka pang'onopang'ono kudzera m'dothi la mphikawo, ndipo maluwa oyandikana nawo amamwa osataya dontho. Kuvundikirako musaiwale. Madzi odikha m'mtsuko, m'tayala kapena m'mbale ya pansi pa mphika amaswetsa udzudzu, ndipo palibe duwa limene lingalipire malungo a mwana.

Chachinayi: bzalani kaye zokhalitsa, ndipo zambiri musagule

Dimba lili ngati nyumba: mumayamba ndi nsanamira. Nsanamira za dimba ndi zomera zimene zimakhala zaka zambiri ndipo zimapirira chilala. Bougainvillea ndiye woyamba. Akagwira safunanso madzi ambiri, ndipo amawala kwambiri m'chilimwe pamene zina zonse zagonja. Mukamuthirira mopitirira kapena kumudyetsa kwambiri amachulukitsa masamba n'kuiwala maluwa. Hibiscus amachita maluwa pafupifupi chaka chonse akamapeza madzi, ndipo amapanga mpanda wabwino. Frangipani amanunkhira usiku, muikeni pafupi ndi khonde. Poinsettia amafiira m'miyezi yozizira. Golden shower, chomera choyanga cha maluwa a mtundu wa lalanje, chimakuta mpanda m'chisanu. Aloe naye amatulutsa maluwa ake ofiira nthawi yomweyo, ndipo timbalame tamilomo yaitali toyamwa timadzi ta m'maluwa timabwera m'mawa uliwonse.

Pafupifupi zonsezi zimamera podula kanthambi. Pitani kwa anansi, kwa azakhali, kwa amayi a kumpingo amene bwalo lawo mumalisirira, mukapemphe. Wokonda maluwa sakana kugawa mbewu, koma pemphani, musathyole pampanda wa eni mongodutsa. Nenani, "Mayi, maluwa anuwa andisangalatsa, mungandigawireko kanthambi?" Nthawi zambiri mudzabwerako ndi mtolo, pamodzi ndi malangizo a kasamalidwe kake.

Kadulidwe kake ndi aka. Sankhani nthambi yokhwima pang'ono, kukula kwake ngati pensulo. Dulani ndi mpeni wakuthwa ndi woyera, kutalika masentimita 15 mpaka 20, kudula kwapansi kukhale pansi penipeni pa mfundo. Chotsani masamba onse kusiya awiri apamwamba, ndipo ngati ndi aakulu aduleni pakati. Zikani theka la kanthambiko m'chubu kapena m'chigubu chokhala ndi mchenga wosakaniza ndi dothi pang'ono. Onetsetsani kuti simunazondotse, maso ayang'ane kumwamba. Ikani pamthunzi wowala, ndipo dothi likhale lonyowa koma losachita matope. Kuvindikira ndi botolo lapulasitiki lodula pansi kumasunga chinyezi.

Ndiye dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Hibiscus amatha mwezi kapena kupitirira asanachite mizu, bougainvillea amachedwa kuposa pamenepo ndipo si tonse timene timagwira, n'chifukwa chake muzizika khumi pofuna zitatu. Musamazule kuti muone ngati mizu yatuluka. Masamba atsopano akayamba kukula ndi mphamvu, ndipo kanthambi kakamakana mukakakoka pang'ono, ndiye kuti kagwira.

Frangipani ndi geranium ali ndi khalidwe lawolawo. Mukadula frangipani, musiyeni pamthunzi sabata yathunthu kuti bala liume, kenako mubzale m'dothi louma pang'ono. Geranium tsiku limodzi likwana. Mukawazika ali aawisi m'dothi lonyowa amaola. Canna, dahlia ndi agapanthus mumangogawa mizu kapena timbatata take.

Ngati mukugula mbande, yang'anani pansi pa chubu ngati pakuoneka timizu. Ndinagulapo kwa wogulitsa wina rozi wokongola, wamaluwa kale, koma pofika kunyumba ndinapeza kuti inali nthambi yongozikidwa m'mawa womwewo, yopanda muzu ndi umodzi womwe. Ogulitsa ambiri ndi okhulupirika ndipo amadziwa ntchito yawo, koma maso ndi anu.

Za mitengo ikuluikulu ndinene mosabisa. Jacaranda ndi flamboyant ndi yokongola, koma mizu yake imang'amba maziko, zimbudzi ndi mipanda ya njerwa. Ngati simungathe kuitalikitsa mamita khumi kuchokera kunyumba, isiyeni ikukongoletsereni msewu. Pabwalo lalikulu ganiziraninso mitengo yathu. Muwale umachita maluwa ofiira ngati makala a moto m'chilimwe usanaphuke masamba, ndipo umamera ngakhale pozika nthambi yaikulu. Nyengo yobzala mitengo m'Malawi imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo ndi bwino kubzala kumayambiriro kwake kuti mtengo umwe mvula yokwanira chilimwe chisanafike.

Zina mwa zomera zokongolazi ndi zapoizoni. Oleander ndi woopsa kuyambira tsamba mpaka muzu, nkhuni zake zomwe musasonkhere moto. Utomoni wa nkhadze ndi wa frangipani usalowe m'maso. Pakhomo pamene pali ana aang'ono, oleander ine sindimubzala n'komwe. Lantana nayenso mupeweni, chifukwa mbalame zimamwaza njere zake ndipo walanda kale malo ambiri m'tchire, komanso amadwalitsa ziweto.

Chachisanu: tsatani kalendala

Dzinja. Musanyengeke ndi mvula yoyamba ya mu Okutobala, ya chizimalupsa ija. Dikirani mpaka nthaka itanyowa ndithu, monga achitira alimi. Pamenepo okerani mbande zonse zimene munazika, tsiku la mitambo kapena madzulo. Fesani zinnia, marigold, cosmos ndi mpendadzuwa pabedi pomwepo. Njere zazing'ono musazikwirire mozama, kungowaza dothi pang'ono pamwamba basi. Zimamera pasanathe sabata kapena masiku khumi, ndipo zikafika masamba anayi patulirani kuti pakhale mpata wa chikhatho chotambasula. Zinnia ndi marigold zikafika msinkhu wa chikhatho, tsinani kansonga kuti zichite nthambi zambiri. Kapinga amabzalidwanso nthawi yomweyi. Ntchito yaikulu ya dzinja ndi kupalira ndi kutsegula ngalande. Walira mvula walira matope: udzu umakula usiku umodzi, nkhono zimatuluka, ndipo rozi amagwidwa ndi madontho akuda pamasamba. Thothani masamba odwalawo n'kuwatentha, musawaponye m'dzenje la manyowa.

Chidede musachiiwale. Ndi ndiwo, inde, koma tsinde lake lofiira ndi maluwa ake otuwa a diso lofiira zimakongoletsa bedi kuposa maluwa ena ogula. Ine ndimachibzala kumbuyo kwa marigold, ndipo bedi limodzi limandipatsa zokongola ndi zapamphika.

Masika. Mvula ikamatsazika, sungani mbewu. Siyani maluwa ena okongola kwambiri aumire pamtengo, muwathyole tsiku louma, mufikise njere, muziyanike pamthunzi, n'kuzisunga m'envulopu kapena m'botolo louma lolembedwa dzina. Mukatero simudzagulanso paketi ya marigold moyo wanu wonse. Ino ndiyonso nthawi ya dzenje la manyowa lija. Kumadera okwera monga Zomba, Dedza, Mzuzu, Thyolo ndi Mulanje, fesani panazale mu Malichi ndi Epulo maluwa okonda kuzizira: petunia, sweet pea, calendula, pansy ndi snapdragon.

Chisanu. Ambiri amaganiza kuti Juni ndi Julayi ndi miyezi yakufa, koma kwa ine ndiyo yokoma kwambiri m'dimba. Dzuwa siliotcha, tizilombo tachepa, madzi sauma msanga. Poinsettia wafiira, golden shower wayaka pampanda, sweet pea akununkhira pakhonde. Kummwera chiperoni chikabwera ndi kamvula kake kowaza, masamba amatsukika fumbi. Kumadera otentha a kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, monga Salima, Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje, ino ndiyo nthawi yabwino yofesa zinnia ndi marigold, chifukwa m'chilimwe kumatentha mopitirira. Kumene chisanu chimawaula masamba usiku, monga madera ena a Dedza ndi m'madambo, funditsani mbande zanthete ndi udzu madzulo, n'kuvundukula m'mawa.

Kumapeto kwa Julayi dulirani rozi. Chotsani nthambi zouma, zodwala ndi zopingasana pakati, musiye zitatu kapena zisanu zamphamvu, n'kuzifupikitsa mpaka cha m'bondo, kudula mopendeketsa pamwamba pa diso loyang'ana kunja. Mtengowo umaoneka womvetsa chisoni, ndipo dzanja limanjenjemera ulendo woyamba. Thirani ndowa ya manyowa, phimbirani, thirirani mokwanira. Pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka khumi mudzaona chifukwa chake.

Chilimwe. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, ntchito ndi kusunga moyo. Musaokere chilichonse chachikulu. Onjezani zophimbira, sunthirani miphika kumene kumafika dzuwa la m'mawa lokha, ndipo ngati madzi achepa, apatseni rozi ndi mbande zatsopano, bougainvillea ndi aloe adzipirira okha. Kapinga akauma musadandaule, adzadzuka ndi mvula.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachita chaka chilichonse m'chilimwe, ndipo ndikukulimbikitsani kuyesa. Pa 15 Okutobala ndi Tsiku la Anakubala. Werengani chobwerera masabata asanu ndi atatu kapena asanu ndi anayi, mufika pakati pa Ogasiti. Pamenepo fesani zinnia ndi marigold pakabedi kamodzi kamene mungathe kukathirira mosadumphitsa. Pofika tsikulo mudzakhala ndi maluwa odzaza manja, ndipo rozi amene munadulira mu Julayi adzakhala ali pachimake. Chitenje chimene mwawagulira amayi chikapita limodzi ndi maluwa olima nokha, mphatsoyo imalankhula mosiyana. Chiwerengero chomwechi chimagwira ntchito pa chinkhoswe ndi paukwati, zomwe zimachuluka miyezi yomweyi.

Chachisanu ndi chimodzi: adani

Mdani wamkulu pakhomo pambiri si kachilombo, ndi nkhuku ndi mbuzi. Nkhuku imafukula bedi lofesa kumene m'mphindi zochepa. Tchingani ndi kampanda ka bango, nsungwi kapena nsenjere musanafese, osati mutalira kale.

Nsabwe za pamasamba zimaunjikana kunsonga zanthete za rozi ndi hibiscus. Zikakhala zochepa, zifikiseni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi. Zikachuluka, sinjani masamba a nimu odzaza manja awiri, muwaviike m'malita asanu a madzi usiku wonse, musefe, muthiremo sopo pang'ono, n'kuwaza madzulo pamwamba ndi pansi pa masamba. Bwerezani pakatha sabata. Madzulo ndi bwino chifukwa njuchi zimakhala zitapita. Ena amagwiritsa ntchito masamba a chitsamba cha ombwe, ndipo amathandizadi, koma amapha nsomba, choncho zotsala zake zisatayidwe kumtsinje. Nkhono zitoleni ndi manja usiku kapena m'mamawa. Chiswe chimakonda chomera chofooka ndi ludzu, ndiye kuthirira bwino ndi kuwaza phulusa mozungulira tsinde kumathandiza.

Chachisanu ndi chiwiri: alowetseni m'nyumba

Dulani maluwa m'mawa dzuwa lisanakwere, mutanyamula ndowa ya madzi, ndipo aliyense alowe m'madzi nthawi yomweyo. Rozi mudule atangoyamba kumasula, zinnia atamasula kale. Chotsani masamba onse amene angamire, chifukwa ndi amene amawoletsa madzi. Dulaninso kunsi mopendeketsa, ndipo muzisintha madzi tsiku lililonse. Vazi yodula si yofunika. Botolo lotsukidwa bwino, kapu yadothi ya ku Dedza, kapena kambiya kokhala ndi botolo mkati, zonse zimakhala bwino. Maluwa atatu a mtundu umodzi ndi kanthambi kamasamba nthawi zambiri amaposa mulu wa mitundu khumi. Pansi pake yalani kachidutswa ka chitenje chopinda m'mbali, chosankha mtundu umodzi wogwirizana ndi duwalo. Maluwa a frangipani ogwa okha atoleni, muwayandamitse m'mbale ya madzi patebulo la pakhonde madzulo pomwe mukumwa tiyi, madziwo n'kuwataya m'mawa. Ndipo kudulako kumathandiza chomera: zinnia, sweet pea ndi cosmos mukamazidula ndi pamene zimaphukiranso.

Pomaliza: tulukani mukaone kumene maluwa amamera okha

Dimba la pakhomo limaphunzira zambiri kutchire. Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, mvula isanaganize n'komwe zobwera, mitengo ya mombo ndi tsamba imaphuka masamba ofiira, ena ofiirira ngati mkuwa, asanasanduke obiriwira. Amene wadutsa m'mapiri okhala ndi nkhalango zachilengedwe nthawi imeneyi amadziwa kuti phiri lonse limaoneka ngati layaka. Mu Novembala flamboyant amalandira udindo kwa jacaranda, ndipo matauni otentha amafiira.

Ulendo wosavuta ndi wa ku Zomba. M'munsi mwa phiri muli munda wa zomera wa boma umene unayamba m'zaka za m'ma 1890, wogwirizana ndi dzina la Alexander Whyte, yemwenso dzina lake lili m'dzina lasayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Masiku ano uli m'manja mwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, lomwe lilinso ndi minda ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pitani ndi kope ndi cholembera, muzilemba mayina a zomera zimene zakukomerani ndi kuona ngati zili padzuwa kapena pamthunzi. Mukakwera phirilo kulowera ku Ku Chawe ndi kudamu la Mulunguzi, nyamulani juzi ngakhale kumunsi kukutentha, valani nsapato zotseka zosaterera, ndipo chitenje chisasowe m'chikwama: ndi chofunda, ndi choyala pansi podya kamba, ndi chomangira zipatso zimene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera.

Ulendo waukulu ndi wa ku Nyika, kudzera ku Rumphi ndi pachipata cha Thazima mpaka ku Chelinda. Kumeneko kuli mitundu yoposa 200 ya maluwa akutchire otchedwa orchid, ndipo yambiri imachita maluwa m'dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale. Nthawi yomweyo ndi pamene msewu umavuta, choncho pamafunika galimoto yamphamvu yokoka mawilo onse, mafuta okwanira, jekete la mvula ndi zovala zofunda zenizeni, chifukwa usiku kumazizira ngakhale m'dzinja. Konzekerani miyezi ingapo, gawanani mtengo wa ulendo ndi anzanu, ndipo funsiranitu za malo ogona ndi za msewu musananyamuke.

Kumeneko ndi kongoona ndi kujambula. Musakumbe orchid kapena duwa lililonse lakutchire kuti mukabzale kwanu. M'malo otetezedwa ndi mlandu, komanso ambiri mwa maluwa amenewa amadalira nthaka ndi kuzizira kwa komweko, ndipo pabwalo la ku Area 25 kapena ku Ndirande amangofa. Ena mwa iwo akuchepa kale chifukwa timbatata take timakumbidwa popanga chakudya chotchedwa chinaka, chimene ku Zambia amati chikanda. Chimene mungabwere nacho ndi maso atsopano: mudzaona mmene maluwa akutchire amamerera m'magulumagulu pakati pa udzu, aatali kumbuyo, aafupi m'mphepete mwa mwala, popanda mzere wowongoka ndi umodzi womwe. Mukafika kunyumba, bedi lotsatira mulifese motero.